Chifukwa Chake Ndinkauza Nambewe Mathero a Kanema

Ana anga, makamaka iwe Agnesi amene sunkatopa ndi mafunso, munakula mukundiona Loweruka lililonse ndikuwerama pa benchi yakutsogolo mu holo, n'kumanong'oneza mayi wina wa duku lobiriwira kanema asanayambe. Munkafunsa amayi anu kuti, "Kodi ababa amawauza chiyani a Nambewe?" Iwo ankangoti, "Kawafunseni eni ake." Tsopano ndapuma ntchito, maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale. Za ubwana wanga zisiyeni, kulibe chokoma: mbuzi, mphere ndi sukulu basi. Mbiri yanga ikuyambira tsiku limene ndinapatsidwa makiyi a holo.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu, cha ku Msakambewa

Ntchito yanga yoyamba inali pa mishoni ina ya Katolika cha ku Msakambewa, m'boma la Dowa. Amene anandilemba anali wansembe wachizungu yemwe tonse tinkangomutchula kuti Bambo Ndevu, poti dzina lake lenileni linkatipotokola lilime. Papepala ndinali woyang'anira holo ya parishi: kusesa, kukhoma mabenchi, kuliza jenereta. Koma Bambowo anali atabwera ndi wailesi ya kanema ndi deki yoonetsera matepi, ndipo Loweruka masana tinkatchinga mawindo ndi ziguduli kuti mukhale mdima, anthu n'kudzaza mpaka pakhomo. Vuto linali Chingerezi. Anthu ankangoona azungu akutsegula pakamwa, osatolapo kanthu, ena n'kuyamba kusinza. Tsiku lina Bambo Ndevu anandipeza kumbuyo ndikufotokozera amayi awiri zimene zinkachitika, manja ali m'malere. Anati, "Jerevaziyo, iwe umalongolola ngakhale pa Misa. Bwera udzalongolole kutsogolo kuno, kumene Mulungu sangakwiye nazo." Anandipatsa chimkuzamawu, ndipo ndinachigwira zaka zoposa makumi atatu.

Ndinali womasulira wabwino. Sindikudzitama ayi, kafunseni aliyense wa msinkhu wanga kuyambira ku Msakambewa mpaka ku Ntchisi Boma. Kumasulira kanema si kutembenuza mawu ngati kukhothi. Lachisanu ndinkadzitsekera ndekha n'kuionera filimu kawiri, kenako anthu a mmenemo ndinkawabatiza. Mzungu wa jekete ankasanduka a Chimwendo, galimoto yake n'kukhala matola, mowa wake wa m'botolo n'kukhala kachasu. Anthu ankaseka ngati akuona anansi awo. Lamulo la ntchito yathu linali limodzi lokha: mathero saululidwa. Womasulira amadziwa amene wapha, koma amadabwa pamodzi ndi anthu, amakuwa nawo, amawasocheretsa dala. Amayi anu anayesapo kundinyengerera ndi chiwindi cha nkhuku kuti ndiwauzeko, ine chiwindi ndinadya, pakamwa ndinatseka.

Zaka za matepi ndi kusowa kwa mafuta

Poyamba tinkaonetsa mbiri za anthu oyera ndi za ulimi. Kenako mnzanga wina wa ku Dowa Boma, amene ndinkasinthana naye matepi, anandipatsa mtundu wina: mafilimu a zigawenga ndi ofufuza milandu, aja okhotakhota, amene munthu amafa inu muli mkati moseka. Aaa, holo inasintha! Mlimi amene wakhala sabata yonse ali chiweramire m'munda, Loweruka ankasanduka woweruza. "Wapha ndi wachipewayo!" wina ankakuwa. "Bodza, taonani maso a mlembi wakeyo!" Ankatuluka akukangana mpaka kumudzi. Mafilimu amenewa ali ndi ubwino wake, ndipo ndimaukhulupirirabe mpaka lero. Amamuphunzitsa munthu kusavomera nkhani yoyamba imene wamva. Mkulu wina amene anaberedwapo pa sikelo ya mtedza anandigwira dzanja pakhomo, n'kunditchula dzina langa lachidule, nati, "A Jere, ine ndinkayesa amaba ndi amphawi okha. Kani mbala zenizeni zimavala tayi!" Komanso kuseka kuja sikunali kwachabe. Chaka chimene akuba ng'ombe anavuta kwathu kuno, ndinaonetsa filimu ya zigawenga ziwiri zopusa, zitakulunga mtembo mu mkeka, zikukanika kutuluka nawo pakhomo, zikukangana kuti agwire kumiyendo ndani. Anthu amene ankagona ndi zikwanje kumutu anaseka mpaka kugwa pa benchi, ndipo mantha anachepako ndithu.

Mavuto analipo. Matepi ankatafunidwa ndi deki, ine n'kumawalumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo wa amayi anu. Mafuta a jenereta ankasowa, ndipo kangapo makina anazima pamene wapolisi watukula chala kuti aloze wakupha. Anthu ankakana kutuluka. Ndinkakwera pa benchi n'kumaliza filimu yonse ndi pakamwa, ine ndemwe mfuti, ine ndemwe galimoto, ine ndemwe mtembo. Ena mpaka ankati mathero anga ankakoma kuposa a azungu.

Bambo Ndevu atabwerera kwawo, kunabwera Bambo Chisale, mwana wa kwathu konkuno, wofatsa koma wosalola kuti chinthu chimudutse. Iwowa ndiye ankandionetsa kuipa kwa mafilimu anga. Tsiku lina anthu atatuluka anati, "Jere, m'filimu imeneyi afa anthu asanu. Maliro ndaonapo angati?" Ndinati palibe. "Ndiye anthu amenewa analibe amawo?" Zinali zoona, chifukwa nthawi zina mayi wachikulire ankaimirira pakati pa filimu n'kufunsa kuti, "Nanga uyu amuika ndani?" ine n'kupeka msanga kuti, "Abale ake ali m'njira, akuchokera ku Kasungu." Mafilimu ena ankakhota mopitirira, wakufa wadzuka, wapolisi ndiye mbala, mbala ndiye wapolisi, mpaka womasulira yemwe n'kusokonezeka, anthu n'kutuluka akuti ndawanamiza. Zimenezo ndinkavomera. Koma Bambo Chisale ananenanso china. Anati, "Chimene ndikuopa ndi ichi: mafilimu akowa akuphunzitsa anthu kuti aliyense wolira ndi wabodza." Ine ndinaseka, ndinati, "Bambo, anthu athu amadziwa kuti ndi sewero chabe." Iwo anangotola chipewa chawo.

Chaka chimene anabadwa Petulo, m'mapiri a Ntchisi

Bambo Chisale atatumizidwa kukatsegula parishi yatsopano m'mapiri a Ntchisi, ananditenga. Kumeneko msewu unali woti dzinja galimoto iiwaleni. Jenereta tinkaikoka pa ngolo, matepi ndinkakatenga pa njinga. Holo inali yaing'ono, anthu ochepa, aliyense wodziwana ndi mnzake. Chimenecho ndinayenera kuchiganizira, koma sindinatero.

M'mudzi woyandikana ndi tchalitchi munali mlimi wa fodya dzina lake Lazaro, woimba kwaya. Mkazi wake anali Nambewe, amene anamutenga chitengwa kuchokera kutali, ndiye mayiyo ankakhala pakati pa abale a mwamuna, wopanda wake womuikira kumbuyo. Anali ndi ana awiri. Mwezi wa Julayi chaka chimenecho Lazaro anapita ndi mabelo ake kukagulitsa, osabwererako. Nambewe anayenda wapansi mpaka ku Boma, anafunsa kuchipatala, anafunsa kupolisi, anabwerako akulira. Panatha masabata atatu kuli zii.

Ine ndinkadziwa kumene Lazaro anali. Sabata yomwe anasowayo ndinapita ku Dowa Boma kukasintha matepi, ndipo pokwerera minibasi za ku Lilongwe ndinamuona ali pawindo, atavala jekete yatsopano. Pambali pake panakhala mlongo wanga Firomena, azakhali anu, amene nthawi imeneyo ankagulitsa mandasi pa Boma, atafungata wailesi yatsopano pamiyendo. Firomena anandiona, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Minibasi inanyamuka ine nditaima ndi matepi m'manja. Ndinauza amayi anu okha. Ndinali mwini mbumba, ndinali wantchito wa parishi, ndipo mlongo wanga anali atapasula ukwati womangidwa pa guwa la mpingo womwe ndinkautumikira. Ndinaopa manyazi, ndinaopanso kuchotsedwa ntchito. Ndinadziuza kuti ndalama za fodya zikatha munthu adzabwera yekha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mwa matepi amene ndinabwera nawo tsiku lomwelo munali filimu ya mayi wina amene mwamuna wake anasowa. Mayiyo ankayenda ndi chithunzi cha mwamunayo akulira, apolisi n'kumakayikira anthu ena onse kupatula iye. Choseketsa chinali galu wa mwamunayo, amene ankangogona malo amodzi m'kanyumba kosungiramo zipangizo, wapolisi wamkulu n'kumamuthamangitsa kuti apeze poika mpando wake. Pamapeto pake anakumba pamene pankagona galupo, n'kupeza mtembo wa mwamunayo, atakwiriridwa ndi mkazi wake yemwe. Lachisanu la sabata yachitatu chisowereni Lazaro ndinaionera, ndinaseka ndekha mpaka kutuluka misozi. Loweruka, nditagwira chimkuzamawu, lilime linatola chimene chinali pafupi. Ndinati, "Mwamuna wa mayi uyu anapita ndi mabelo ku okushoni, mpaka lero sanabwere!" Kanyumba kaja ndinakatchula kuti chigafa, chija timayanikamo fodya. Holo inagwa ndi phwete, ine n'kumawonjezera. Dzina la munthu sindinatchule, koma panalibe chifukwa cholitchulira. Nambewe munalibe, iye sankabwera ku kanema. Amene analimo anali Yohane, mkulu wake wa Lazaro, pa benchi yachitatu, ndipo sanaseke. Filimu itafika pokumba paja, munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kodi galu wa Lazaro amagona kuti?" Anthu anaseka kuseka kwina kumene sindinakukonde.

Galu wa Lazaro ankagona m'chigafa. Agalu onse a m'mudzi amagona m'zigafa, muli mthunzi.

Sabata imene inatsatira

Lamulungu pa Misa, benchi imene anakhala Nambewe inali yopanda munthu kumanja ndi kumanzere. Lolemba atafika pa mjigo, amayi anasiya nkhani. Lachiwiri ana ake anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzawo akuwafunsa ngati m'chigafa mukununkha. Anthu amene ndinawaphunzitsa kusavomera nkhani yoyamba tsopano anali akatswiri: ati analira mopitirira, ati ku Boma anapita kukangodzionetsa, ati n'chifukwa chiyani anasesa m'chigafa. Chilichonse chimene mayiyo anachita chifukwa cha chisoni chinasanduka umboni. Yohane analengeza kuti Loweruka m'mawa abale abwera ndi makasu, ndipo achinyamata ena ankanena poyera zimene adzamuchite akadzapeza kanthu, ngakhale fupa la mbuzi.

Lachitatu amayi anu anandikhazika pansi pakhonde. Anati, "Bambo a Agnesi, mawu anu aja akufuna kupha munthu. Mukudikira chiyani?" Ndinati, "Loweruka ndilankhula pa chimkuzamawu, onse amve." Anandiyang'ana nati, "Loweruka kanema amayamba masana. Makasu akubwera m'mawa." Kunena zoona, ana anga, ndinkafuna kuti Lazaro atulukire yekha, kapena mvula ya mu Ogasiti igwe, chilichonse chondipulumutsa. Munthu amene ndinkalongolola pamaso pa anthu mazana ndinakanika kuyenda mtunda wochepa kukanena mawu atatu. Lachinayi ndinalitha ndikupukuta deki imene inali yoyera kale.

Lachisanu dzuwa litakwera pang'ono, amayi anu anabwera akuthamanga kuchokera kuchigayo, ufa atausiya komweko. "Nyamukani! Pitani mukaone zimene mwachita." Ndinapalasa njinga. Ndinapeza mudzi wonse utazungulira chigafa cha Lazaro, koma panalibe phokoso. Nambewe sanadikire Loweruka. Anali atayamba kukumba yekha kutangocha, dothi louma la mu Ogasiti lija, ndipo anali atamaliza kale maenje awiri. M'dzenje lachitatu anali atalowa mpaka m'chiuno. Mpini wa khasu unali wofiira, matuza ataphulika m'manja. Ana ake anakhala pa mulu wa dothi, galu ali pambali pawo. Nambewe anaweramuka n'kuyang'ana Yohane, nafunsa mwaulemu wonse kuti, "Alamu, pano pakwana, kapena ndikumbenso apo?" Anaweramanso.

Ndinatsamiritsa njinga pa mtengo n'kulowa pakati. Chimkuzamawu ndinalibe, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono moti ena anati ndibwereze. Ndinabwereza. "Lazaro ali moyo. Ali ku Lilongwe ndi mlongo wanga Firomena. Ndinawaona ndi maso angawa akukwera minibasi ku Dowa." Yohane anabwera pafupi nati, "Munawaona liti?" Ndinati, "Sabata yomwe anasowa." Amayi ena anagwira pakamwa. Mnyamata wina anafuna kundiwomba, Yohane anamugwira mkono.

Nambewe anatuluka m'dzenje pang'onopang'ono, wopanda womugwira dzanja. Anaima patsogolo panga, dothi lili mpaka m'maso. Sanakuwe, sanatukwane. Anati, "Ndiye Loweruka lija, pamene munkaseketsa anthu, mathero ake munkawadziwa?" Ndinati, "Inde, mayi." Anagwedeza mutu nati, "Monga mwa masiku onse." Kenako anandipatsa khasu lija, magazi ake ali pa mpini. "Kwirirani."

Ndinakwirira maenje atatuwo ndekha mpaka dzuwa kupendeka, anthu akuchoka mmodzimmodzi. Palibe anandithandiza, ndipo zinayenera kutero.

Zaka zotsatira

Tsiku lomwelo ndinapita kwa Bambo Chisale ndi makiyi a holo n'kuwaika patebulo. Ndinkayembekeza kuti andikumbutsa mawu awo aja, koma sanatero. Anati, "Ukufuna kuthawa kuti anthu asamakuone. Ayi. Holo titseka miyezi iwiri, kenako ukaima malo omwe aja." Firomena sanandilankhule zaka zisanu ndi chimodzi, n'chifukwa chake simunawaone azakhali anu muli ana. Lazaro anabweradi chaka chotsatira, jekete itang'ambika, koma Nambewe sanamutsegulire, ndipo Yohane, chifukwa cha manyazi, anaima kumbali ya mlamu wake. Munda ndi chigafa zinatsala m'manja mwa mayiyo ndi ana.

Mafilimu okhotakhota sindinasiye kuonetsa. Ena ankati ndisiye, ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Filimu ija sinatchule fodya, sinatchule chigafa, sinabise Lazaro. Zimenezo ndinachita ndine. Chimene ndinasiya ndi kutola nkhani za m'midzi yathu n'kumaseketsa nazo. Ndipo munthu akafa m'filimu, ngakhale chigawenga chopusa, anthu akamaliza kuseka ndinkanena kuti, "Koma ameneyu anali ndi amake." Ena ankadandaula kuti ndikuwononga nthabwala, ine ndinalibe nazo ntchito.

Loweruka limene tinatsegulanso holo, ndinali ndikulumikiza mawaya pamene anthu onse anatembenukira kukhomo. Nambewe analowa, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, n'kudutsa pakati mpaka pa benchi yakutsogolo. Anandikodola. Nditawerama anati, "A Jere, m'filimu ya lero wapha ndani?" Ndinati, "Mayi, lamulo la ntchito yathu silitilola kuulula." Anatambasula manja ake, zipsera zikuonekabe, nati, "Ine sindidzakhalanso malo amene inu mukudziwa, ine osadziwa." Ndinamunong'oneza. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene ndinapereka makiyi komaliza, matepi atatha, madisiki atabwera n'kuthanso, achinyamata atayamba kuonera pa mafoni, Nambewe ankakhala pa benchi yomweyo ndipo ine ndinkawerama. Sanaululirepo munthu ngakhale kamodzi. Ankangoyamba kuseka anzake asanaone choseketsa, ndipo wachinyengo akamalira pa kanema iye ankapukusa mutu yekha.

Chaka chatha

Chaka chatha m'nyengo yokolola ndinamva kuti Nambewe wagonekedwa m'chipatala ku Ntchisi Boma. Ndinapita masana, nthawi yoona odwala. Mwana wake wamkazi anandilandira panja n'kundikokera pambali. Anandiuza zimene madokotala anapeza, kuti palibenso chochita, kuti akuwatulutsa akapumire kunyumba. Anati, "Koma chonde a Jere, amayi sitinawauze. Tikuwauza kuti akupeza bwino."

Ndinamulonjeza, n'kulowa. Anali atatha kwambiri, koma duku linali lomwe lija lobiriwira. Tinalonjerana, tinakamba za mtedza, za msewu. Mwana wake atatuluka kukatunga madzi, Nambewe anandikodola ndi chala, monga ankachitira mu holo. Anati, "A Jere, ana angawa akundiseketsa kwambiri masiku ano. Inu mwalankhula nawo panja, ndakuonani pawindo. Mathero ake ndi otani?"

Ndinayang'ana kukhomo. Ndinali nditangolonjeza kumene. Ndinayang'ananso manja ake amene anali pamwamba pa bulangete.

Ndinawerama, ndinamunong'oneza.

Anatseka maso kanthawi, kenako anati, "Zikomo. Ndiye kandiitanireni Bambo wansembe, ndipo muuze mwanayo asiye kunamizira kuseka, akutopa nako." Ndinatenga chipewa changa n'kupita kukawaitana.